Mmene akatswiri amayezera ntchito ya majini m'ziwalo za kanyani kakang'ono ka ku Madagascar

Selo la m'chiwindi ndi selo la mu ubongo wa nyama imodzi ali ndi DNA yofanana, koma ntchito zawo n'zosiyana kwambiri moti munthu wongowayang'ana pa maikulosikopu sangaganize kuti anachokera ku dzira limodzi. La m'chiwindi limapanga puloteni yotchedwa albumin n'kumaithira m'magazi usana ndi usiku, pamene la mu ubongo limatambasula timinyewa take tataliatali n'kumatumiza mauthenga kwa anzake. Umboni woti maselo sataya majini (zigawo za DNA zonyamula malangizo a thupi) amene sakuwagwiritsa ntchito unaoneka mu 1962, pamene John Gurdon anachotsa phata la selo la m'matumbo a mbululu, momwe mumakhala DNA, n'kuliika m'dzira la chule lomwe phata lake linali litawonongedwa, ndipo dziralo linakula mpaka kukhala mbululu yathunthu. Alipo maselo ochepa amene satsatira lamuloli, monga maselo ofiira a magazi a nyama zoyamwitsa omwe amataya phata lawo akakhwima, koma mwa ochuluka majini onse alimo. Chimene chimasiyanitsa chiwalo ndi chinzake ndi majini amene akugwira ntchito m'menemo, komanso mlingo umene akugwirira ntchitoyo.

Jini likamagwira ntchito, selo limakopera uthenga wake kuchoka pa DNA kupita pa molekyu ina yotchedwa mRNA, ndipo molekyu imeneyo ndi imene imanyamula malangizo kupita kumene mapuloteni amapangidwira. Jini lotanganidwa limatulutsa makope ambirimbiri, lochita mwa apo ndi apo limatulutsa ochepa, ndipo lotsekedwa silitulutsa n'limodzi lomwe. Popeza makope amenewa sakhalitsa, ambiri amaphwasulidwa pakangopita maola ochepa, kuchuluka kwawo kumaonetsa zimene selo likuchita panthawi imene lagwidwayo. Nyama za m'gulu la anyani, kuphatikizapo munthu, zili ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, choncho kuyeza ntchito ya majini m'chiwalo kumatanthauza kupeza nambala imodzi pa jini lililonse mwa majini onsewa. Ntchitoyi ikachitidwa pa chiwindi, mtima, impso, mapapo, ubongo ndi ziwalo zina za nyama imodzi, pamatuluka mapu osonyeza kumene jini lililonse limagwira ntchito m'thupi lonse. Akatswiri apanga mapu otere a kanyani kakang'ono ka ku Madagascar kotchedwa mouse lemur.

Chifukwa chosankhira kanyama kakang'ono chonchi

Kwa zaka zambiri, zochuluka zimene madokotala amadziwa zokhudza majini a nyama zoyamwitsa zakhala zikuchokera ku mbewa za m'labotale. Mbewa imaswana msanga, siidya zambiri, ndipo akatswiri amatha kutseka jini lililonse limene afuna n'kuona zotsatira zake. Vuto lake n'lakuti mzere wa makolo a mbewa unapatukana ndi wa makolo a anthu zaka zoposa 70 miliyoni zapitazo, ndipo alipo majini ofunika mwa munthu amene mbewa ilibiretu. Jini la CXCL8, lomwe puloteni yake imaitana maselo oyera a magazi kuti athamangire pamalo potupa, mbewa ilibe. Jini la CETP, lomwe limakhudza kayendedwe ka mafuta a cholesterol m'magazi, ilibenso. Wofufuza amene akufuna kudziwa ntchito ya majini oterewa sangaifunse mbewa.

Anyani aakulu nawonso ali ndi zovuta zawo. Mu 2015 bungwe la National Institutes of Health ku United States linasiya kuthandiza kafukufuku wa zamankhwala wogwiritsa ntchito anyani a mtundu wa chimpanzee. Anyani a mtundu wa macaque amagwiritsidwabe ntchito, koma amatenga zaka zingapo kuti akhwime, amabala mwana mmodzi pa bere, ndipo kuwasunga kumafuna ndalama zambiri. N'chifukwa chake maso a ofufuza anatembenukira ku tinyama ting'onoting'ono ta m'gulu lomweli. Kamodzi ndi marmoset wa ku Brazil, wolemera magalamu pafupifupi 350, amene gulu la Erika Sasaki ku Japan linamuika jini lachilendo lodutsa kwa ana ake mu 2009. Kena, kochepetsetsa kuposa apo, ndi mouse lemur.

Tinyama timeneti timapezeka ku Madagascar kokha, ndipo ndi ta chibale chapafupi ndi changa kusiyana ndi pusi kapena nyani. Tilipo mitundu pafupifupi 20, koma umene wafufuzidwa kwambiri ndi Microcebus murinus, wa ubweya wotuwa, womwe umakhala m'nkhalango zouma za kumadzulo ndi kum'mwera kwa chilumbacho. Kanyama kakakulu ka mtundu umenewu kamalemera magalamu pafupifupi 60, kamayenda usiku, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, nthawi zambiri kamabala ana awiri, ndipo anawo amatha kuswana asanakwanitse chaka. Palibe nyama ina ya m'gulu la anyani imene imaswana msanga chonchi. Ku Brunoy, pafupi ndi Paris, bungwe la Muséum national d'Histoire naturelle lakhala likuweta gulu lalikulu la tinyamati kwa zaka zoposa 40, ndipo tina timasungidwa ku Duke Lemur Center ku North Carolina. Ofufuza a ku France anaona kalekale kuti tina tikakalamba ubongo wake umafota ndipo mumaunjikana puloteni ya amyloid, zinthu zimene zimakumbutsa matenda a Alzheimer mwa anthu.

Pali mfundo ina imene siyenera kukokomezedwa. Makolo a lemur anapatukana ndi makolo a anthu zaka zoposa 60 miliyoni zapitazo, ndiye kuti kanyamaka si m'bale wathu wapafupi monga mmene macaque alili. Mwayi wake wagona poti kali mkati mwa gulu la anyani, ndiponso poti DNA ya mbewa ndi makoswe yasintha mofulumira kwambiri chipatukireni, mwa zina chifukwa mibadwo yawo imasinthana mwamsanga. Ngakhale zili choncho, funso loti kanyamaka kamafanana ndi munthu mpaka pati silingayankhidwe poyang'ana zaka zokha. Liyenera kuyankhidwa chiwalo ndi chiwalo, selo ndi selo, ndipo mapu a ntchito ya majini ndi amene angathandize pamenepo.

Kuchoka pa chiwalo kufika pa manambala

Njira yoyamba yoyezera majini ambiri nthawi imodzi inali microarray, imene gulu la Patrick Brown ndi Ronald Davis ku Stanford University linaionetsa mu 1995. Pa kagalasi ankadonthezapo tizidutswa ta DNA ya majini odziwika, ndipo uthenga wochokera m'maselo unkamatirira pa kadontho kogwirizana nawo n'kuwala. Njirayi inkangopeza jini limene munthu waliika kale pa kagalasipo, zomwe ndi chopinga chachikulu pa nyama imene majini ake sanalembedwe bwino. Ena ankayesa kugwiritsa ntchito kagalasi ka majini a munthu poyeza anyani, koma kadontho kakawala mofooka zinali zovuta kudziwa ngati jinilo likugwira ntchito pang'ono kapena ngati zilembo za DNA yake (A, C, G ndi T) zangosiyana ndi za munthu moti uthenga ukulephera kumatirira.

Zinthu zinasintha cha mu 2008 ndi njira ya RNA-seq. RNA yochokera m'kachidutswa ka chiwalo imasandutsidwa DNA pogwiritsa ntchito enzayimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu) ya reverse transcriptase, imene Howard Temin ndi David Baltimore anaitulukira mu 1970, kenako makina amawerenga zilembo za tizidutswa mamiliyoni ambiri. Kompyuta imatenga kachidutswa kalikonse n'kufufuza malo amene kakugwirizana nawo pa DNA yonse ya nyamayo, ndipo jini limene lagweredwa ndi tizidutswa tambiri limatengedwa kuti ndi lotanganidwa. Ndi njira imeneyi gulu la Henrik Kaessmann linayerekezera ziwalo zisanu ndi chimodzi za mitundu 10 ya nyama mu 2011, n'kupeza kuti ntchito ya majini mu ubongo yasintha pang'onopang'ono pakati pa mitundu ya nyama, pamene m'ziwalo zopanga umuna yasintha mofulumira kwambiri. Mwa anthu, ntchito yaikulu ya mtundu umenewu ndi GTEx, imene inayamba mu 2010 ndipo pofika mu 2020 inali itafotokoza mitundu 49 ya ziwalo ndi tizigawo take kuchokera kwa anthu 838 omwalira amene abale awo anavomereza.

Komabe kusinja chiwalo chonse pamodzi kumabisa chinthu chofunika. Tiyerekeze kuti wofufuza wayeza chiwindi cha nyama yathanzi ndi cha nyama yodwala, n'kupeza kuti uthenga wa jini lina la chitetezo cha m'thupi wachuluka katatu mwa yodwalayo. Mwina selo lililonse la chiwindi layamba kukopera jinilo katatu kuposa kale. Mwinanso maselo a chiwindi sanasinthe n'komwe, kungoti maselo oyera a magazi, omwe amakopera jinilo nthawi zonse, akhamukira m'chiwindimo n'kuchuluka katatu. Nambala ndi imodzi, koma matenda amene ikufotokoza ndi awiri osiyana, ndipo mankhwala awo sangakhale amodzi. Kuwonjezera apo, selo losowa, lomwe mwina ndi limodzi pa maselo 1,000, mawu ake amamira m'phokoso la anzake ngakhale likhale lofunika chotani.

Yankho lake linali kuyeza selo lililonse palokha. Fuchou Tang, ali m'labotale ya Azim Surani ku Cambridge, anawerenga RNA ya selo limodzi mu 2009, ndipo mu 2015 panatuluka njira zotsekera maselo m'timadontho ta madzi toyandama m'mafuta, zimene zinachititsa kuti maselo masauzande ambiri aziyezedwa tsiku limodzi. Ntchitoyi imayamba ndi liwiro, chifukwa magazi akangosiya kuyenda maselo amayamba kusintha ndipo RNA imayamba kuwonongeka. Chiwalo chimadulidwa tizidutswa tating'ono kwambiri, n'kuviikidwa m'madzi okhala ndi enzayimu monga collagenase yomwe imasungunula ulusi womanga maselo pamodzi, kenako zonse zimasefedwa kuti patsale maselo oyandama lililonse palokha. Madzi a maselowo amadutsa m'kanjira kopyapyala ngati tsitsi, mmene selo lililonse limakumana ndi kamkanda kamodzi n'kutsekeredwa nako m'kadontho.

Nzeru yonse ya njirayi ili pa kamkandako. Kali ndi timaulusi ta DNA mamiliyoni ambiri, ndipo kaulusi kalikonse kali ndi mbali zitatu zofunika. Mbali yoyamba ndi mndandanda wa zilembo T, umene umakola mchira wa zilembo A womwe pafupifupi mRNA iliyonse ili nawo kumapeto kwake. Mbali yachiwiri ndi chizindikiro chimene ndi chofanana pa timaulusi tonse ta kamkanda kamodzi koma chosiyana ndi cha timikanda tina, ndipo pa makina a kampani ya 10x Genomics chizindikirochi chili ndi zilembo 16. Mbali yachitatu ndi chizindikiro china chachifupi chosiyana pa kaulusi kalikonse, chimene chimathandiza kuti molekyu imodzi isawerengedwe kawiri makope ake akachulukitsidwa m'labotale. Selo likaphulika m'kadonthomo, uthenga wake wonse umene wakodwa umadindidwa chizindikiro cha kamkanda kake, ndipo zikatero timadontho tonse tingaphwanyidwe n'kusakanizidwa popanda kusokoneza chilichonse, poti kompyuta idzabwezera kachidutswa kalikonse kwa mwini wake.

Pali njira inanso, Smart-seq2, imene inakonzedwa m'labotale ya Rickard Sandberg ku Karolinska Institutet mu 2013. Mmenemu makina amaponya selo limodzi m'kabowo kakekake pa mbale ya timabowo mazana angapo, ndipo uthenga umawerengedwa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Njira ya timadontho imapereka maselo ambiri pa mtengo wotsika koma imangoona nsonga ya uthenga uliwonse, pamene Smart-seq2 imapereka maselo ochepa koma imaona majini ambiri pa selo ndiponso mmene uthengawo walumikizidwira. Ofufuza osamala amagwiritsa ntchito zonse ziwiri kuti imodzi izikwirira pamene inzake yaperewera.

Aliyense wowerenga zotsatira za ntchito yotereyi ayenera kudziwa kuti njirayo imasiya zipsera zake pa manambala. Maselo akamasungunulidwa pa kutentha kwa thupi amadzidzimuka n'kuyamba kukopera majini monga FOS ndi JUN, moti munthu wosazindikira angaganize kuti wapeza mtundu watsopano wa selo pamene wangopeza selo lovutitsidwa. Maselo a mafuta amayandama ndipo amaphulika msanga, maselo a mnofu wa mtima ndi aakulu kwambiri kwa kanjira ka timadontho, ndipo maselo a ubongo amaduka timinyewa, choncho mitundu imeneyi imachepa pa chiwerengero kusiyana ndi mmene ilili m'thupi. Ichi n'chifukwa chake ena amasankha kuyeza phata lokha m'malo mwa selo lonse. Nthawi zina maselo awiri amalowa m'kadontho kamodzi n'kuoneka ngati selo limodzi lodabwitsa lokhala ndi makhalidwe a mitundu iwiri. Uthenga wotayika kuchokera ku maselo ophulika umayandama m'madzimo n'kulowa m'timadontho tonse, ndiye si zachilendo kupeza albumin pang'ono m'selo loyera la magazi lotengedwa m'chiwindi. Choposa zonse, kamkanda kamakola gawo lochepa chabe la uthenga umene uli m'selo, motero ziro wolembedwa pa jini lina satsimikizira kuti jinilo ndi lotsekedwa.

Zimene zimatuluka pamapeto ndi tebulo lalikulu, mzere uliwonse jini, danga lililonse selo. Kompyuta imaunjika pamodzi maselo amene manambala awo akufanana, koma siidziwa dzina la gulu lililonse. Kutchula maina ndi ntchito ya anthu odziwa chiwalocho, amene amayang'ana majini odziwika: gulu lokopera jini la insulin ndi maselo a beta a m'kapamba, lokopera majini a hemoglobin ndi maselo ofiira amene akukula, lokopera SFTPC ndi maselo a m'mapapo opanga mafuta oletsa timatumba ta mpweya kuphwa. Apa m'pamene nzeru za munthu zimalowerera kwambiri, ndipo m'pamenenso akatswiri amasiyana maganizo, chifukwa gulu limene mmodzi akuliona ngati mtundu umodzi mnzake angaligawe patatu.

Zimene zinapezeka m'ziwalo 27

Mapu a mouse lemur amatchedwa Tabula Microcebus, ndipo anatsatira a mbewa, Tabula Muris, amene anatuluka mu 2018 ndi maselo pafupifupi 100,000 a ziwalo 20, komanso a munthu, Tabula Sapiens, amene anatuluka mu 2022 ndi maselo pafupifupi 500,000 a ziwalo 24. Ntchito ya Tabula Microcebus inatsogoleredwa ndi labotale ya Mark Krasnow ku Stanford University mogwirizana ndi akatswiri ambiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2025. Anayeza maselo 226,000 ochokera m'ziwalo 27 za nyama zinayi, n'kusiyanitsa mitundu ya maselo yoposa 750 potengera majini amene akugwira ntchito. Mwa mitunduyi munali yambiri yofanana ndi yodziwika kale mwa munthu, munali maselo amene anagwidwa ali pakati pa ulendo wosanduka umuna kapena magazi, ndipo munalinso mitundu makumi angapo imene inali isanafotokozedwe bwino.

Phindu loyamba linali lokhudza DNA ya kanyamako. Ndondomeko yabwino ya DNA yonse ya Microcebus murinus inatuluka mu 2017, koma kukhala ndi zilembo zonse sikutanthauza kudziwa pamene jini lililonse layambira ndi pamene lathera. Uthenga wokopedwa ndi selo ndi umboni wosatsutsika woti pamalo akutiakuti pali jini lamoyo, ndipo mwa njira imeneyi ofufuzawo anapeza majini masauzande amene anali asanalembedwe. Anapezanso malo olumikizira uthenga mazana a masauzande. Nkhani yake ndi yakuti uthenga wongokopedwa kumene umadulidwa, zigawo zina n'kutayidwa, zotsalazo n'kulumikizidwa, ndipo jini limodzi lingatulutse mapuloteni osiyana malinga ndi zigawo zimene zasungidwa. Malo olumikizira oposa 85,000 anapezeka kuti alipo m'gulu la anyani koma mwa mbewa mulibe, zimene zikusonyeza kuti ngakhale jini limene munthu ndi mbewa ali nalo onse awiri likhoza kudulidwa mosiyana.

Phindu lachiwiri ndi limene ndikuliona kuti ndi lalikulu. Ofufuzawo anafotokoza kumene majini oposa 400 a m'gulu la anyani, omwe mbewa ilibe, amagwira ntchito m'thupi la lemur, ndipo ambiri mwa iwo amagwira ntchito m'maselo omwewo amene amagwiramo mwa munthu. Anayerekezeranso maselo a lemur ndi a munthu, a macaque ndi a mbewa, ndipo chimene chinaoneka n'chakuti kufanana sikuyenda mofanana m'thupi lonse. Pali mitundu ya maselo ndi majini imene lemur amaimira munthu bwino kuposa mbewa, koma mtundu uliwonse wa selo uli ndi mbiri yakeyake ya kasinthidwe. Choncho amene angatenge mapuwa ngati chilengezo choti mbewa yatha ntchito wawamva molakwa. Ntchito yawo yeniyeni ndi kuthandiza wofufuza amene ali ndi jini limodzi ndi selo limodzi m'maganizo kuti aone, asanawononge zaka ndi ndalama, nyama imene jinilo limagwira ntchito mofanana ndi mwa munthu.

Kuyerekezera mitundu ya nyama kuli ndi msampha wakewake. Kuti manambala a lemur aikidwe pambali pa a munthu, pamafunika kudziwa jini la lemur limene likufanana ndi jini lililonse la munthu, ndipo kawirikawiri amangotenga majini amene ali limodzi mbali iyi ndi limodzi mbali inayo. Majini amene anachulukana mwa nyama imodzi, kapena amene anatayika mwa inzake, amatsala kunja kwa tebulo. Tsoka ilo, majini oterewa ndi ochuluka m'chitetezo cha m'thupi, m'kanunkhizidwe ndi m'kaberekedwe, mbali zomwezo zimene nyama zimasiyanapo kwambiri. Ndiye kuti tebulo loyerekezera limakonda kuonetsa nyama ngati zofanana kuposa mmene zilili.

Nyama zinayi, nthawi imodzi

Nyama zinayi zimene zinapereka maselowa sizinaphedwe chifukwa cha kafukufukuyu. Zinali zokalamba, thanzi lawo linali litafooka, ndipo ziwalo zinatengedwa pamene madokotala a ziweto anaona kuti n'koyenera kuzipha mosapweteka kuti zisavutike. Njira imeneyi ndi yolemekeza nyama, ndipo inabweretsa mwayi wosayembekezeka, chifukwa mwa zazikazi munapezeka khansa ya chiberekero yomwe inali itafalikira ku ziwalo zina ndipo ntchito ya majini ake inkafanana ndi ya khansa yotereyi mwa amayi. Komabe njira yomweyo ili ndi mtengo wake. Mapu opangidwa kuchokera ku nyama zokalamba ndi zodwala sangatengedwe ngati chithunzi cha kanyama kathanzi ka chaka chimodzi, makamaka pa maselo a chitetezo cha m'thupi amene amasintha kwambiri pakakhala kutupa kapena chotupa. Ndiponso maselo 226,000 si mboni 226,000 zodziimira pazokha. Pa funso loti zazimuna zimasiyana bwanji ndi zazikazi, kapena zodwala ndi zathanzi, mboni ndi zinayi basi.

Nthawi imene chiwalo chatengedwa ndi nkhani inanso, ndipo pa kanyama aka ndi nkhani yaikulu kuposa pa nyama zambiri. Mu 2018 gulu la Satchidananda Panda linafalitsa kafukufuku wa anyani akuluakulu amene ziwalo ndi tizigawo tawo 64 tinayezedwa maola awiri aliwonse kwa tsiku lathunthu, ndipo anapeza kuti majini opanga mapuloteni oposa 80 pa 100 aliwonse amakwera ndi kutsika motsatira nthawi ya tsiku m'chiwalo chimodzi kapena zingapo. Mouse lemur amawonjezera pamenepa kusintha kwa nyengo. Masana akafupika kufika pansi pa maola 12, kanyamaka kamanenepa, kamasunga mafuta kumchira, ziwalo zake zoberekera zimafota, ndipo kamayamba kugona tulo tozama ta maola angapo tsiku lililonse, mmene kutentha kwa thupi kumatsika kwambiri ndipo thupi limangogwiritsa ntchito mphamvu zochepa. Masana akatalika zonsezi zimabwerera m'mbuyo. Wachibale wake wokulirapo, Cheirogaleus medius, amagona tulo totere mpaka miyezi 7, monga mmene Kathrin Dausmann ndi anzake anasonyezera mu 2004, ndipo mu 2016 Sheena Faherty ndi anzake ku Duke University anayeza mafuta a kumchira kwa nyama imeneyi pa nyengo zosiyana n'kupeza kuti majini oyendetsa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu m'thupi amasintha ikalowa m'tulo. Chiwindi cha lemur cha nyengo ya masana aafupi ndi cha nyengo ya masana aatali ndi chiwalo chimodzi, koma manambala ake sangafanane, ndipo mapu amene alipo panopa sanapangidwe kuti ayankhe funso limeneli.

Tiyeneranso kukumbukira kuti mRNA ndi malangizo chabe. Selo likhoza kusunga uthenga osaugwiritsa ntchito, likhoza kupanga puloteni yambiri kuchokera ku uthenga wochepa, ndipo puloteni ina imakhala masiku ambiri uthenga wake utatha kale. Pa nyama yogona tulo tozama mfundoyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa zambiri zimene thupi limachita kuti lichepetse mphamvu zimachitika pa mapuloteni amene alipo kale, mwa kuwamatira kapena kuwachotsa timagulu ta phosphate, ndipo kuyeza RNA sikungaone zimenezo. Kusungunula chiwalo kumatayitsanso chidziwitso cha malo, moti wofufuza amadziwa kuti maselo awiri anali m'impso imodzi koma sadziwa ngati anali oyandikana. Njira zatsopano zoyezera RNA pa kagawo kopyapyala ka chiwalo osakasungunula zikuthandiza pa vuto limeneli.

Funso lotsala ndi la mmene mapuwa angagwiritsidwire ntchito pa nyama imene sikuyenera kuphedwa mwachisawawa, poti mitundu yambiri ya lemur ili pangozi chifukwa cha kutha kwa nkhalango za ku Madagascar. Mwa mbewa, wofufuza amatseka jini mwadala n'kudikira zotsatira. Gulu la Krasnow linasankha njira ina, yofufuza nyama zimene zinabadwa kale ndi jini lowonongeka, chifukwa nyama iliyonse, ngakhale munthu, imanyamula majini angapo oterewa. Mwa nyama zinayi zomwezi anapeza zilembo zolakwika zimene zimadula uthenga usanathe m'majini atatu a chitetezo cha m'thupi omwe mbewa ilibe, ndipo anatha kuona mmene ntchito ya majini m'maselo a nyamazo inasinthira.

Njira imeneyi imafuna nyama zambiri zoyezedwa zili zamoyo, ndipo gululi lakhala likugwira ntchito ndi ofufuza a ku Madagascar pa Centre ValBio, malo ofufuzira amene Patricia Wright anakhazikitsa pafupi ndi Ranomafana National Park. Kumeneko tinyama timakodwa usiku m'timisampha tosavulaza, timayezedwa, timatengedwa kachidutswa kakang'ono ka khungu koti mupezeke DNA, kenako timabwezedwa pamene tinagwidwa. Ta m'nkhalango ya mvula imeneyo ndi ta mtundu wa Microcebus rufus, osati murinus, choncho zimene mapu akunena ziyenera kutsimikizidwa kaye tisanazisamutsire ku mtundu umenewu. Pa kanyama kamoyo ka magalamu makumi ochepa, wofufuza sangafike ku impso, ku mtima kapena ku ubongo, ndipo chimene angatenge ndi khungu ndi timadontho ta magazi basi. Akapeza jini lowonongeka mu DNA ya khungulo, amatsegula mapu n'kuona maselo amene jinilo limagwiramo ntchito, ndipo ngati ndi a mnofu wa mtima amadziwa kuti pa kanyama kameneko ayenera kuyeza kagundidwe ka mtima, pamene ngati ndi a m'diso ayenera kuyeza kaonedwe kake.